Chaka chimene mayina ankasintha m'nyimbo za amayi

Amayi anali ndi wezulo wachitsulo womangirira pa chingwe chakuda cha nsapato. Wezuloyo ankakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo ine ndinkaletsedwa kumukhudza. Ndinamuba kamodzi kokha. Mpaka lero ndimakumbukira kuzizira kwake pamilomo ndi kafungo ka dzimbiri. Nditamuliza, amayi anamva ali kudimba la kachewere, nabwera chothamanga khasu lili m'manja, poganiza kuti lole ya chipani yafika.

Amayi ndiwo ankayambitsa nyimbo m'gulu la amayi a chipani cholamula kunthambi yathu, cha kufupi ndi Kandeu. Abambo anali ku Joni, choncho bwalo lathu linalibe mwini woti n'kudandaula phokoso. Lachitatu lililonse masana pankadzaza amayi ovala nsalu zofanana, ng'oma ziwiri zikuwambidwa pamoto wa mapesi. Fumbi la chimtali linkalowa mpaka m'mitsuko ya madzi. Ife ana tinkavinira kumbuyo kwa nkhokwe, tikutsanzira ziuno zomwe tinalibe. Sindinakhalepo wonyada ngati masiku amenewo. Mawu a amayi ankayamba okha, owonda, kenako gulu lonse n'kuwalandira, ine n'kumauza aliyense amene anali pafupi kuti amenewo ndi amayi anga.

Masiku ano anthu ophunzira amaseka amayi ovinira andale, amati ankavinira nsalu ndi shuga. Ena mwina. Amayi anga ayi. Iwo anaona mjigo ukukumbidwa pamudzi pathu, anaona malata akukwera pasukulu yathu, ndipo anakhulupirira ndi mtima wonse. Nyimbo ankapeka okha akupalira, dzina la phungu wathu n'kuliika pamalo pamene ng'oma imagunda kwambiri.

Wapampando wa nthambiyo anali amalume, mlongo wawo wa amayi. Ankayenda ndi chikwama chachikopa chimene sankachisiya ngakhale kumaliro. Tsiku lina ndinachisuzumira, ndinapezamo nyuzipepala yakale ndi mapeyala awiri.

Chaka chimenecho ndinali mu sitandade folo, ndipo chinali chaka cha chisankho. Zinthu zinayamba kuvunda ndi makuponi a feteleza. Mayina analembedwa, la amayi lili momwemo, koma mvula inagwa, chimanga chinamera, makuponi osaoneka. Kenaka kunamveka kuti matumba apezeka m'nyumba ina ya mnzake wa akuluakulu a chipani. Chimanga chathu chinafika m'chiuno basi, masamba achikasu. Amayi ankati, “Akuba ndi a pansipa. Akulu akamva akonza.”

Akuluwo anali otanganidwa ndi kudyana okhaokha. Wailesi ya amalume inkalengeza lero kuti uje wachotsedwa, mawa kuti wabwezeretsedwa, mkuja kuti wayambitsa gulu lake. Amalume ankafika pabwalo thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti, “Achemwali, dzina lija lichotseni, ikanimo ili.” Amayi ankamvera. Dzina latsopano likatalika ankalipinda mpaka likwane mung'oma. Nyimbo imodzi inakhala ndi eni atatu mvula isanathe, moti ife ana tinkaimba mayina onse atatu motsatizana, amayi n'kumatithamangitsa ndi chitsononkho akuseka. Koma dzina la phungu wathu silinkasintha, ndipo pamenepo ndi pamene mtima wawo unatsamira.

Msonkhano waukulu unachitikira ku Nsipe, chimanga chitayamba kuuma. Amayi ananditenga kuti ndiziwagwirira botolo la thobwa. Tinanyamuka pa lole m'mawa kukuzizira, amalume anali atatsogola dzulo lake. Panalibe amene anatiuza kuti madzulo a dzulo lakelo phungu wathu anachotsedwa m'chipani, ati chifukwa chofunsa za feteleza uja, ena ati chifukwa chodya nawo. Mpaka pano sindidziwa choona.

Alendo atakhala pansanja, amayi analowa m'bwalo, naliza wezulo, nayambitsa nyimbo yawo yokondedwa. Anaimba bwino kuposa masiku onse. Dzina lija litangotuluka, amayi ochokera kunthambi zina anasiya kuwomba m'manja. Ng'oma zinapitirira pang'ono, kenaka zinaleka imodziimodzi. Amayi, maso ali chotsinzina monga ankachitira nyimbo ikawalowa, anabwereza dzinalo kachiwiri ali okhaokha. Anyamata a chipani anayamba kukuwiza. Bambo wina wa suti anatenga chinkuzamawu n'kufunsa kuti mayi ameneyu watumidwa ndi ndani.

Amalume ndi amene anatsika kudzawatulutsa. Anawavula wezulo m'khosi anthu onse akuona, napatsa mayi wina wa ku Mlangeni. Pobwerera pa lole palibe anakhala moyandikana nafe. Ndimakumbukira mphepo, ndi thobwa lomwe silinamwedwe likukhutukira pa miyendo yanga.

Lachitatu lotsatira amayi anasesa bwalo monga mwa masiku onse, nathira madzi kuti fumbi ligone. Sikunabwere munthu. Ng'oma tinazimva zikulira kwa amalume. Amayi analowa m'nyumba kukasankha nyemba, ndipo kuyambira tsiku limenelo ngakhale kutchalitchi ankangoyendetsa milomo. Ndinawasowa amayi anga ali pomwepo.

Amalume anabwera chisankho chitatsala masiku awiri. Sanapepese. Anangoti, “Achemwali, mukavote bwino. Anthu akuyang'ana banja lathu. Zikatha izi mudzabwerera pamalo panu.” Amayi anati, “Ndamva, achimwene.”

Tsiku lovota anasamba m'mamawa, navala nsalu yawo ya ku tchalitchi, ine ndikuwatsatira. Ankavotera pasukulu yathu, ndipo aphunzitsi anga anali pa tebulo loyang'ana mayina. Amayi anaima pamzere nthawi yaitali, dzuwa mpaka linafunda. Patatsala anthu atatu kuti afike pa tebulo, anatuluka pamzere ngati akupita kuchimbudzi, nazungulira kuseri kwa makalasi, n'kulowa njira ya kumunda. Aphunzitsi anadzutsa mutu, natiyang'ana, nabwezeranso maso m'kaundula.

Titafika kunyumba amayi anandiuza kuti ndibweretse bolopeni wanga. Anali woyamba m'moyo wanga, popeza chaka chimenecho ndi chimene tinasiya mapensulo. Anasolola kamtima kake ka inki, nakaluma ndi mano, nafinyira inki pa chala chawo, akupaka mosamala kuzungulira chikhadabo monga ankachitira anthu a chisankho. Atatha anakhala pakhonde, dzanja lili pabondo poonekera. Amalume podutsa anayang'ana chalacho, nagwedeza mutu mokhutira, napitirira.

Ine ndinalira kwambiri. Ndinakana kudya, ndinawauza kuti ndikawanenera kwa aphunzitsi. Amayi sanandikalipire. Anandikhazika pamiyendo pawo ngakhale ndinali wamkulu kale, mlomo wawo uli wobiriwira ndi inki, nati, “Pepa mwanawe. Ndinafika pafupi, koma ndinasowa woti ndimupatse.”

Sukulu itatsegulidwa aphunzitsi anaika bolopeni watsopano pa desiki langa osandifunsa kanthu. Chipani chija chinapambana kapena chinagwa, zimenezo zilibenso ntchito kwa ine. Amayi anakhala zaka zambiri pambuyo pake, analera zidzukulu, koma sindinawamvenso akuyambitsa nyimbo, ndipo ndikanapereka chilichonse kuti ndimve Lachitatu limodzi lokha la masiku aja. Pa khonde paja sindinkadziwa zimenezi. Ndinkangolirira bolopeni wanga, ndikuganiza kuti pa anthu awiri tinakhala pamenepo, woberedwa ndinali ine.