Mapiritsi amene amayi ankadula ndi lezala

Chaka chimene anandisankha kulowa mu komiti ya chipatala chathu chaching'ono ku Jenala, ndinasoketsa diresi latsopano. Ndikakumbuka ndimachita manyazi. Kunabwera mabwana ochokera kuboma pa galimoto yoyera, natiuza kuti zinthu zasintha: ndalama zina zoyendetsera chipatala zizibwera kwa ife eni ake, osati kumangothera m'maofesi. Tinawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Ine ndiye ndinalulutira kumene.

Zimene sananene mokweza zinali m'kabuku ka malamulo kamene anatisiyira. Ndalamazo zinali zokonzera denga, kupenta, kugula matsache ndi ndowa. Mankhwala ayi. Mankhwala azibwerabe ndi lole yochokera kunkhokwe yaikulu, tsiku limene loleyo yafuna.

Amayi anga anali ndi matenda othamanga magazi. Lachinayi loyamba la mwezi ankanyamula kabuku kawo ka kuchipatala m'jumbo n'kukalandira timapiritsi toyera ta mwezi wonse. Kenako lole ija inayamba kubwera yopanda mapiritsiwo. Adokotala, bambo wotopa amene sindimuimba mlandu, ankangolemba dzina la mankhwala n'kunena kuti, "Agogo, mukagule ku famase ku Migowi."

Pamsonkhano wa komiti ndinaimirira n'kufunsa ngati tingasiye penti kuti tigule mankhwala. Wapampando anatsegula kabuku ka malamulo kaja n'kundilozera mzere ndi chala. Ndinakalipa, ndinamenya tebulo, koma pamapeto pake ndinasaina nawo. Khoma linapentedwa bwinobwino, labuluu.

Ndinati chabwino, boma likhale ndi penti wakeyo, amayi anga ndiwasamala ndekha. Nditagulitsa nandolo ndinakwera kabaza mpaka ku Migowi n'kugula mapiritsi okwanira miyezi itatu. Ndinawapatsa m'manja.

"Limodzi m'mawa uliwonse, amayi. Musadumphitse."

"Iwe, wayamba kundiphunzitsa kumeza ine?" anatero akuseka.

Ndinaiwala chinthu chimodzi, ine wobadwira momwemo. Kwathu mchere ukakuthera umapita kwa mnzako ndi chikhatho, moto ukazima umakapala kwa mnzako, ndipo kumana munthu wodwala n'chinthu chimene amayi sakanachita ngakhale mutawaopseza bwanji. Pamzere wa Lachinayi uja ankakhala ndi anzawo atatu a kutchalitchi, onse matenda omwewo, onse obwerera chimanjamanja. Anayamba kubwera kunyumba mmodzimmodzi, ine ndili kumunda kwanga. Ankakhala pakhonde, kucheza m'Chilomwe, kudandaula mutu. Amayi ankalowa m'nyumba n'kutuluka ndi piritsi. Ataona kuti botolo likupepuka, anayamba kudula mapiritsiwo pakati ndi lezala. Pambuyo pake iwo eni ankamwa tsiku lokhalo limene mutu wawavuta.

Ine sindinkadziwa kanthu. Ndikafunsa ankati, "Ndamwa kale." Ndipo chitsiru ine, mayi wa komiti, ndinkangokhulupirira.

Tsiku lina amayi anagwa m'munda akupalira chimanga, dzuwa lili paliwombo. Tinawapeza pakamwa patapotoka, dzanja lamanja lili lende. Tinawakweza panjinga mpaka kuchipatala chathu chija. Adokotala anaimba foni kuitana ambulansi, anawayankha kuti ilibe mafuta. Akuti ndalama za mafuta zinali m'thumba lina, losunga a kuboma, ife a komiti sizinkatikhudza. Kalanga ine, matumba onsewa, munthu ali gone pabenchi! Bambo wina wogula mbewu ndiye anatichitira chisoni n'kutinyamula pa galimoto yake kupita kuchipatala chachikulu. Amayi anakhala masiku anayi osalankhula. Tsiku lachisanu anatisiya.

Maliro atatha, posesa m'chipinda mwawo, ndinapeza botolo lija pansi pa mphasa. Linayenera kukhala lidakali pakati. Munali tizidutswa tisanu ndi kamodzi basi, lezala lili pambali. Alamu anga, akazi a achimwene, ndiwo anandiuza zonse, ati mudzi wonse unkadziwa kupatula ine. Mtima unandiwawa koopsa. Ndinakwiyira lole, wapampando, dzanja langa losaina, ngakhale amayi amene tinali titangowaika m'manda. Amayi atatu aja ndinalumbira kuti sindidzawapatsanso moni mpaka kufa.

Patatha sabata, mmodzi wa iwo, wamkulu pa onse, anafika pakhomo akutsimphina, miyendo itatupa. Ndinali ndikusesa pabwalo ndipo sindinawayalire mphasa. Anakhala pansi pa dothi, napepesanso maliro, maso ali pansi.

"Mwana wanga," anatero, "lole sinabwerebe. Kodi mayi ako sanasiyeko?"

Ndinafuna kuwathamangitsa ndi tsache lomwelo, mawu achipongwe anali atafika kale pakamwa. Koma ndinayang'ana miyendo ija, ndipo ndinalowa m'nyumba. Ndinatenga tizidutswa tonse n'kuwakhuthulira m'manja.

Analandira ndi manja awiri. Anatiyang'anitsitsa, natitembenuza ndi chala. Kenako anandifunsa ngati ndingawabwerekenso lezala, chifukwa anzawo awiri aja nawonso mitu inali ikuwawawa.