Miyezi Imene Tinabisa Mkulu Wanga M'chipinda

Mkulu wanga atapita padera kachiwiri, amayi anagamula kuti pathupi pachitatu pasaonedwe ndi munthu aliyense. Ankakhulupirira kuti panali wina wanjiru amene ankamanga mimba za anzake. Anakamutenga kwa mwamuna wake ku Bangwe, nadzamuika m'chipinda chakumbuyo cha nyumba yathu ku Ndirande. Ine ndinali Fomu 3, ndipo ndine amene ndinakhomera katoni pazenera la chipindacho. Ndinaigwira mosamala ntchitoyo, osasiya mpata ngakhale wolowa chala.

Nyumba za kwathu n'zothithikana, kotero kuti dzuwa limafika pakhonde pathu kwa kanthawi kochepa chabe masana. Ngakhale kanthawi kameneko mkulu wanga sankakaona. Madzi ndinkamutungira ine, zovala ndinkamuyanikira ine. Kusikelo ankapita m'mamawa, atafunda zitenje ziwiri ndi jekete la mwamuna wake.

Tsiku lina amayi atapita kumsika, mkulu wanga anandiitana. "Iwe, msana ndi miyendo zikundiphwanya ngati ndimaswa miyala. Tanditsegulira, ndikakhaleko pakhonde pang'ono."

"Achemwali, pirirani," ndinayankha. "Mukaonedwa, amayi adzakalipira ine."

Anaseka pang'ono. "Wasanduka wapolisi tsopano?" Kenako anabwerera pamphasa. Sanandipemphenso.

Mwana anabadwa wamwamuna, wamoyo, ndipo amayi anati njira yawo yathandiza. Mwa mwambo wathu, mayi ndi khanda amakhala m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Nthawi imeneyi timaitcha chikuta. Koma mchombo utangogwa, mwanayo anayamba kunjenjemera manja ndi milomo, kenaka n'kusiya yekha. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mwaona? Atipeza. Ameneyu asatuluke." Chikuta cha masiku ochepa chinasanduka cha miyezi. Ngakhale kukabayitsa katemera ankapita atakutidwa m'mabulangete, ndipo za kunjenjemerako palibe amene anauza anamwino.

Anachedwa kukhala pansi, anachedwanso kukwawa. Liwombo lake silinkatseka. Atayamba kuimirira chogwirira mpando, miyendo yake inapindikira kunja, ndipo pamene pamalumikizana dzanja ndi mkono panatupa. Apa mlamu wanga, bambo wa mwanayo, sanafunsenso munthu. Anawatenga onse awiri, mayi ndi mwana, kupita nawo kuchipatala chachikulu, ine n'kutsatira nditanyamula chikwama.

Dokotala wamkazi anamuyeza magazi ndi kumujambula mafupa. Anafotokoza kuti mwanayo analibe vitamini D wokwanira, amene khungu limapanga likawombedwa ndi dzuwa, ndiponso kuti popanda vitamini ameneyu mafupa salimba. Khanda limabadwa ndi amene lalandira kwa mayi ake lili m'mimba. Mayi akakhala kuti alibe, nalonso limabadwa lopanda. Kenako anafunsa mkulu wanga, "Mayi, muli oyembekezera munkakhalako padzuwa?"

Mkulu wanga anandiyang'ana kamodzi, osati mokwiya, naweramitsa mutu. "Ayi, adokotala. Ndinkakonda kukhala m'nyumba."

Bodza limenelo analinena pofuna kuteteza amayi ndi ine. Mpaka lero sitinalitchulepo.

Panopa ndili ku koleji. Ndawerenga zambiri za vitamini ameneyu, ndipo ndimadziwa kuti zifukwa zake zimakhala zingapo, kuphatikizapo zakudya. Kudziwako sikunandipeputse mtima. Ndikamva mwana akuyenda mokoka phazi kuseri kwa kalasi, ndimasiya kulemba mpaka atadutsa.

Mwana wa mkulu wanga wakwanitsa zaka zitatu. Amamwa mankhwala, amasewera panja ku Bangwe, ndipo amayenda mopendama ngati wasenza ndowa yodzaza. Dokotala anati miyendo ikhoza kuwongoka akamakula, koma sanalonjeze. Ndikapita kukawaona patchuthi, ndimamuimika chilili, mapazi atagundana, n'kulowetsa zala zanga pakati pa mawondo ake. Iye amayesa masewera, amaseka. Chaka chatha zinkalowa zinayi. Ulendo wapitawu zinalowa zitatu, koma sindikudziwa ngati sindinapanikize mawondowo dala.