Mtambo Umene Tinamanga ku Maputo

Amene anadula nkhani ya ulendo wanga anali Ababa. Foni yondiitana ku ntchito ku Maputo inandipeza pa msika wa Milange, pa kashedi kamene iwo amakonzerapo njinga, ndikuwagwirira tayala. Ndinali nditamaliza maphunziro a makompyuta ku Quelimane, koma chimene ndinkachita kwathu n'kutsegulira anthu mafoni amene aiwala manambala ake achinsinsi. Amama atamva, anayamba kutchula zovuta: kutali, chilankhulo chachilendo, mwana wamkazi yekhayekha. Ababa sanadzutse n'komwe mutu pa sipoko zimene ankamanga.

"Ife tinawoloka mtsinje wa Ruo ndi mitolo pamutu, kumbuyo mfuti zikulira, ndipo tinabwerako," anatero. "Rosa akupita ndi dipuloma. Msiyeni apite."

Mlongo wanga wamkulu, Mano Zeka, ndi amene anandikweza pa njinga kukandisiya pa shapa, minibasi ya ku Mocuba.

Ku Maputo ndinapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina wogulitsa makala. Anthu a m'deralo ankalankhula Chishangana, ndipo ndikangotsegula pakamwa kulankhula Chiputukezi changa cha ku Zambezia, ena ankamwetulira n'kunong'onezana kuti shingondo, dzina lonyozera ife a kumpoto. Lamlungu ndinkapita ku misa, koma nyimbo zake sindinkazidziwa, ndiye ndinkangoimba zakwathu chamumtima. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama pa foni, yotsalayo inkathera ku lendi ndi ku shapa. Uthenga wochokera kwathu sunkasintha: tili bwino, nyemba zabereka, uzipemphera.

Kampani imene inandilemba ndi yaikulu, yogulitsa zakudya ndi zipangizo zomangira, yokhala ndi masitolo ndi nyumba zosungira katundu kuyambira kumwera mpaka ku Pemba. Ntchito yanga yoyamba inali yoyankha mafoni a antchito amene makompyuta awo avuta. Pamenepo ndi pamene ndinadziwira kuti zonse za kampaniyo, kaya katundu wotsala, kaya malipiro a antchito, kaya malisiti, sizinkakhala m'nyumba mwathu. Zinkakhala pa makompyuta akuluakulu a kampani ina ya kunja kwa nyanja, amene tinkachita kubwereka. Anthu a ntchitoyi amati zinthu zotere zili pa mtambo. Lendi yake inali ya madola, inkakwera chaka ndi chaka, ndipo madolawo ku banki ankavuta kupeza. Choipa kwambiri, intaneti yopita kunja ikaduka, wogulitsa ku Beira ankalephera kugulitsa thumba la simenti limene lili pamaso pake. Masiku otero foni yanga inkatentha ndi mkwiyo wa anthu.

Mkulu wa za makompyuta anali Dona Ameliya, mayi wamfupi wa ku Inhambane, wa imvi zosapaka mankhwala ndi nsapato zafulati. Tsiku lina anaima kumbuyo kwanga ndikuyankha foni, ine osadziwa. Nditamaliza anandifunsa chifukwa chake ndinamufunsa munthuyo mafunso ambiri chotero, pamene anzanga amangoti zimitsani muyatsenso.

"Ndimafuna kudziwa chimene chavuta, Dona. Apo ayi mawa aimbanso."

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Milange."

"Kumalire. Ndiye kuti kuzizira umakudziwa. Mawa ubwere ndi juzi."

Juziyo inali ya m'chipinda cha maseva, makompyuta aakulu osanjikizana m'makabati achitsulo, mozizira ngati m'mawa wa Juni m'tsinde mwa phiri la Tumbine. Dona Ameliya anali atakakamira kwa mabwana kuti kampani imange mtambo wakewake: tigule makina athu, tiwaike m'nyumba yathu, ndipo tiwayendetse ndi mapulogalamu otseguka. Awa ndi mapulogalamu amene anthu a m'maiko osiyanasiyana amalembera limodzi poyera, aliyense n'kukhala ndi ufulu wowawerenga, kuwakonza ndi kuwagwiritsa ntchito osagula chilolezo. Mabwana sanakondwe nazo. Ndinamva kwa mlembi wawo kuti mmodzi anafunsa kuti, "Chinthu chopanda mwini chikafa, tidzaimbira ndani?" Ndipo mayiwo anayankha kuti, "Mudzaimbira ine. Ine ndikadzapuma, mudzaimbira ana amene ndiwaphunzitse."

Lero ndikamaphunzitsa achinyamata a ku ofesi yathu ya ku Nampula, ndimadzigwira ndikulankhula ngati Dona Ameliya. Sankakweza mawu. Sankakhudza kiyibodi ya munthu; ankakoka mpando n'kukhala pambali, manja pamiyendo, mpaka wapeza wekha. Tinayamba ndi kusamutsa zinthu zing'onozing'ono zimene zikanafa palibe akanalira. Nthawi zina ankalowa m'chipinda chozizira chija, n'kuzula dala chingwe kapena kusolola disiki imodzi, kenaka n'kutuluka akupukuta magalasi awo. "Tiyeni tione ngati mtambo wanu ukudziwa kudzichiritsa," ankatero. Poyamba ndinkachita mantha. Patapita miyezi ndinayamba kuyembekezera masiku amenewo ngati mpira.

Khirisimasi yoyamba sindinapite kwathu chifukwa ndalama ya ulendo inalibe. Zotsatirazo ndalama inalipo, koma nthawi inalibe.

Tsoka linatigwera tsiku limene tinasamutsa pulogalamu ya nyumba zosungira katundu, mtima weniweni wa kampani. M'mawa zinayamba bwino. Dzuwa litakwera, masitolo onse atatsegula, zonse zinayamba kukwawa ngati nkhono, kenaka zinaima. Ku nyumba yathu yosungira katundu ya ku Matola malole anandanda mpaka kumsewu, madalaivala akuliza mahutala. Bwana wamkulu anatsika yekha kudza ku chipinda chathu, kumene anali asanapondeko. Dona Ameliya anayang'ana pa sikirini kanthawi, n'kutilamula kuti tibwezere zonse ku mtambo wobwereka uja. Njira yobwerera anali ataikonzeratu ndipo anali atatiyeserera kangapo, motero pofika masana malole anayamba kuyenda.

Mnyamata mnzanga amene anatsogolera kusamutsako ankaganiza kuti ntchito yamuthera. Koma ku msonkhano wa mabwana Dona Ameliya anapita okha, ndipo sanatchule dzina la munthu. Atatuluka anatiuza mosabisa kuti tapatsidwa mwayi umodzi wokha. Tikalepheranso, makinawo agulitsidwa ndipo gulu lathu litha. Sabata yomweyo wogulitsa wa kampani yakunja ija anayamba kuoneka m'makonde ndi suti yake, akumwa khofi ndi mabwana. Ine ndinkaganiza za lendi, ndi za Amama amene anali atazolowera kulira kwa foni pakutha pa mwezi.

Tinafufuza osapeza chimene chinavuta. Tikayesa tokha zonse zinkathamanga. Vuto linkabwera pokhapokha anthu akachuluka. Dona Ameliya anandiuza kuti ndikafunse pa bwalo la pa intaneti pamene olemba mapulogalamuwo amakambirana. Ndinakana.

"Chingerezi changa ndi cha pa msika wa pa malire wa Muloza, Dona. Akandiseka."

"Akakuseka ubwere udzandiuze, tidzasekere limodzi. Lemba."

Ndinalemba. Mawa lake ndinapeza yankho, ndipo linali m'Chiputukezi. Munthu wina wa ku Brazil, dzina lake Tiago, anali ataona dzina langa n'kuganiza kuti tingamvane bwino m'chilankhulo chimenecho. Sanandidziwe, sanadziwe kampani yathu, Milange sanaimvepo. Koma kwa masiku angapo ankasiya chakudya chake chamasana n'kukhala nafe, akutiuza zoti tiyese ndi zoti timutumizire. Pamapeto pake zinapezeka kuti pulogalamu yosunga zinthu sinkamvana bwino ndi mtundu wa zipangizo zolumikizira makina zimene tinagula, ndipo katundu akachuluka zinkatsamwitsana. Iye ndi anzake anakonza mbali yawo, ife tinakonza yathu. Nditamufunsa kuti timulipire bwanji, analemba kuti, "Mana, mlongo wanga, ingolemba bwinobwino zimene mwapezazi, kuti wina asadzavutike ngati inu."

Ndinafuna kuti zilembedwe m'dzina la Dona Ameliya, koma anakana. Anati wafunsa ndi ine, wolemba ndi ine. Patapita nthawi munthu wina wa ku Kenya analemba pansi pake kuti zamupulumutsa. Ndinawerenga mawu akewo ndili m'shapa yodzaza, ndipo kwa nthawi yoyamba mu mzinda umenewo sindinadzimve kuti ndine mlendo.

Ulendo wachiwiri kusamutsa kunayenda popanda wodziwa kuti tasamutsa. Ndipo tsiku lina intaneti yopita kunja inadukanso, makampani ena m'tauni akudandaula, koma ku ofesi kwathu foni sinalire. Masitolo ankagulitsa ngati kale. Dona Ameliya anatuma munthu kukagula buledi ndi mabajiya, tizitumbuwa ta nyemba, tinadyera pa khonde chiimirire. Chikondwerero chinali chomwecho. Bwana amene anafunsa za kuimbira foni uja anadutsa, n'kutola bajiya imodzi, n'kupitirira.

Kenaka kampani inaganiza zomanga chipinda chachiwiri cha maseva ku Nampula, kuti cha ku Maputo chikapsa kapena kumira, ntchito isaime. Dona Ameliya anandiitana n'kundiuza kuti ndikachiyang'anire ndine.

"Koma udzere kwanu kaye. Zaka zonsezi ndakhala ndikukubera amayi ako."

Shapa itayandikira Milange, Tumbine anali atavala nkhungu monga mwa masiku onse. Sindinauze munthu tsiku lofika. Ndinalunjika ku msika ndi chikwama changa, ndipo ndinapeza kashedi kaja katakula, kali ndi malata atsopano, Mano Zeka atagwada pa njinga yamoto. Ababa anali pa kampando kawo, tayala lili pakati pa miyendo, akulizunguza pang'onopang'ono, chala chikutsata mkombero wake. Ndinaima patsogolo pawo penipeni. Anatembenuzira nkhope kumene kunali mapazi anga.

"Takulandirani. Njinga yanu yatani?"

"Ababa."

Tayala linaima. Anatambasula dzanja m'malere, ine n'kugwada kuti lindipeze. Linandigwira tsaya, kenaka khutu, monga ankachitira ndili mwana. Maso awo anali otsegula, akuyang'ana pamwamba pa phewa langa.

Amama anabwera kuchokera kumene amagulitsa nyemba, ndipo atatha kulira anandifotokozera. Maso anayamba kuchita mdima nthawi yomwe ija ndinkawauza pa foni kuti ntchito yathu ili pa mpeni. A mphakati wathu wa ku tchalitchi anasonkha ndalama, Mano Zeka anawakweza pa njinga yamoto kuwolokera nawo ku chipatala cha ku Mulanje, ulendo ndi ulendo. Madokotala anayesa, koma anati matendawo anali atadya kale mkati. Ababa anasonkhanitsa banja lonse, mpaka akatekisiti, n'kuletsa kuti wina asandiuze.

Ndinakwiya. Ndinawafunsa chifukwa chake anandisandutsa mlendo, wongotumiza ndalama.

"Ukanabwera kudzatani, mwanawe?" anatero Ababa. "Kudzandiyang'anira kumene ine sindikuona? Kuno anthu analipo. Uko, mayi ako aja a ku ntchito anali ndi anthu owerengeka. Ukanawathawa nkhondo ili mkati."

Ndinakhala pa chitini cha girisi n'kumaonerera. Anyamata a njinga zonyamula katundu wa pa malire ankabwera ndi matayala opindika, akudutsa amisiri ena openya, n'kuwaika m'manja mwa Ababa. Aliyense wofika ankauzidwa kuti uyu ndi Rosa, uja amasunga mtambo ku Maputo, ndipo onse ankagwedeza mutu ngati nkhaniyo anaimva kale kambirimbiri. Mayi wina wogulitsa makala anandifunsa m'Chilomwe ngati mzungu wa ku Brazil uja ali bwino. Ndinamuuza kuti sindikudziwa ngati ndi mzungu, nkhope yake sindinaionepo.

Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti ndine mzati wa nyumba yathu, kuti ndikapanda kutumiza, denga ligwa. Ndalamazo zinathandiza, sindikana. Malata aja ndi zomwezo. Koma chinthu chachikulu chimene chinagwera banja lathu anachisenza okha, ndi anansi awo, n'kundisenzanso ine pamwamba pake osandiuza. Tsopano kuchokera ku Nampula ndimabwera pafupipafupi, ndipo ndinawapangitsa kulumbira kuti sadzandibisiranso kanthu. Ababa analumbira mofulumira kwambiri moti sindiwakhulupirira.

Tsiku lofika lija, dzuwa litapendeka, Mano Zeka anatsalira kutseka shedi, ine ndinawagwira Ababa dzanja kuti ndiwatsogolere kunyumba. Tinadutsa pa chigayo, ine ndikuwachenjeza za miyala ndi ngalande, iwo akungovomera. Titafika pa mphambano ndinakhotera kumanja, njira imene ndinakulira. Anaima nji.

"Ukupita nane kuti?"

"Kunyumba, Ababa. Podzera pa kamlatho."

"Kamlathoko kanapita ndi madzi kalekale. Tinalambula njira ina, ya kuseri kwa tchalitchi." Anasuntha dzanja langa n'kuliika pa chigongono chawo. "Gwira apa. Uziponda pamene ndaponda ine."