Madzi a M'matuza a Tamanda

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku Bangwe m'nyumba ya lendi. Amayi ankalawirira kumsika kukagulitsa tomato, n'kubwera otopa. Kulera mng'ono wanga Tamanda, ngakhale kumusambitsa, inali ntchito yanga. Anali atangoyamba kuyenda.

Tsiku lina ndinaphula ketulo pambaula n'kuiika pansi kuti ndikatenge makapu. Tamanda anaikoka, madzi n'kumukhuthukira padzanja lamanja.

Kulira kwake sindikuiwala. Posakhalitsa panatuluka matuza atatu odzaza madzi. M'nzeru zanga zachibwana ndinati madzi a m'ketulo aja alowa pansi pa khungu ndipo akumuwotchabe m'kati. Ndinamasula pini yomangira siketi yanga, n'kuboola onse atatu, n'kufinya. Ndinamukulunga kansanza kopukutira mbale, n'kumuveka juzi yanga ya manja aatali kuti amayi asaone.

M'mawa mwake madzi anabwereranso. Ndinafinyanso. Tsiku lachitatu dzanja linatupa mpaka m'chigongono, thupi litatentha, madzi aja atasanduka mafinya onunkha. Amayi atamuvula juzi anapeza kansanza katamatirira pachilonda. Sanakalipe. Anangomubereka, nati kwa ine, "Tiye."

Kuchipatala namwino wina wachikulire anafunsa, "Anaboola ndani?"

"Ndine. Ndimachotsa madzi a m'ketulo."

Anandiyang'ana nati, "Mwanawe, sanali a m'ketulo amenewo. Ndi madzi a thupi lake lomwe, amachucha kuchokera m'mitsempha ya magazi kudzasamala pamene papsa. Kakhungu kapamwambako kamatchinga litsiro. Nanga amayi ako sunawauze bwanji?"



Tamanda anagonekedwa milungu itatu. Anachira, koma zala ziwiri zinapindika, sizitambasuka mpaka lero. Amalemba ndi dzanja lamanzere. Amayi sanandimenye, ndipo mwina zikanandipepukira akanandimenya.

Chaka chatha mwana wanga Chisomo anakhudza simbi ndikusita. Thuza litatuluka pachala, aneba anabwera, awa ndi singano, awa ndi dzira laliwisi. Ndinawathokoza, n'kukana. Ndinaviika chalacho m'madzi ozizira kwa kanthawi ndithu, kenako tinapita kuchipatala thuza lili losaboola.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti zala za Tamanda zinapindika chifukwa cha pini. Pano ndikuona kuti pini inangoyambitsa; juzi ija ndi imene inamaliza. N'chifukwa chake Chisomo akalakwitsa ndimayamba ndaona chilonda, kukalipa kumabwera pambuyo. Sindifuna kuti adzandiope mpaka kundibisira dzanja.