Tsiku Limene Ana a Raili Anawerenga za Kwawo

Raili Ollila anaphunzitsa pa sukulu imodzi moyo wake wonse, m'katauni ka mgodi kumpoto kwa Finland komwe anabadwira. Anali mayi wamfupi, wosaseka pachabe. Bambo ake anakalambira mu mgodi, mwamuna wake Pentti ankakonza makina a mgodi womwewo, ndipo pafupifupi mwana aliyense m'kalasi mwake ankadya thukuta la kumgodi.

Mafoni atadzaza m'matumba mwa ana, sukulu inayambitsa phunziro la kawerengedwe ka nkhani za pa intaneti. Aphunzitsi anakankhirana, mpaka linagwera Raili. Iye analikonda kuposa mmene ankaganizira. Ankaika nkhani pakhoma n'kufunsa kuti, "Walemba ndani? Iyeyo wamva kwa yani? Nanga chithunzichi anajambula kuti?" Posakhalitsa ana anayamba kugwira mabodza ngati nsabwe: chithunzi cha chigumula chakalekale chonamiziridwa kuti n'chadzulo, dokotala wopanda chipatala, mankhwala ochiza chilichonse. Makolo ankanyadira. Jarmo, mphunzitsi wamkulu, ankabweretsa alendo m'kalasimo n'kumati, "Raili wathuyu ndi katemera wa mabodza."

Mabodza onsewo anali a kutali, a anthu osawadziwa.

Chaka china m'nyengo yozizira, Raili anauza ana kuti aliyense abweretse nkhani yomwe wafuna. Saana, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri yemwe bambo ake ankakonda kuboola ayezi wa pamwamba pa nyanja n'kuwedza, anabweretsa nkhani ya pa tsamba la nkhani za m'tauni momwemo. Mutu wake unali wakuti katswiri watsimikiza kuti mgodi sukuipitsa madzi a m'nyanja yawo.

"Aphunzitsi, palibe dzina la wolemba," anatero Saana.

"Fufuzani katswiriyo," anayankha Raili.

Anapezeka kuti ndi wantchito wa mgodi. Mnzake wa Saana anakopera chiganizo chimodzi n'kuchisaka pa intaneti, ndipo nkhani yonse inatulukira pa tsamba la mgodi, liwu ndi liwu. Chithunzi chinali cha nyanja ina ya kum'mwera.

Raili anaona kumene zinthu zikulowera. Akanatha kuyang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi yatha, koma sanatero.

"Ndiye kuti madzi athu ndi oipa?" anafunsa Saana.

"Sitikudziwa," anatero Raili. "Chomwe tadziwa n'chakuti amene watiuza kuti ndi abwino ndi mwini mgodi. Basi."

Madzulo ake, m'nyumba zingapo ana anakankha mbale za nsomba.

Msonkhano wa makolo unadzaza kuposa kale lonse. Anthu anakhala osavula majekete, khofi n'kumazizira patebulo. Woyamba kuimirira anali Tero, bambo ake a Saana.

"Raili, unandiphunzitsa kuwerenga ndiwe, sindikana. Koma mwana wanga akundifunsa ngati mabwana anga ndi abodza. Ndimuyankhe chiyani?"

"Umuuze kuti afunse anthu ena oyeza madzi, osalipidwa ndi mgodi."

"Tamvani zimenezo!" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Buledi wa kunyumba kwako amagula ndani, iwe? Si mgodi? Timakompyuta ta m'manja tomwe anawo amafufuzirapo anagula ndani? Ukuluma chala chokudyetsa!"

"Ine sindinanene kuti madzi ndi oipa."

"Tinkati ukuwaphunzitsa kugwira mabodza a akunja," anatero Tero, "osati kutithira mchenga m'chakudya."

Anthu anabalalika Jarmo osamuikira kumbuyo Raili. Raili sanachotsedwe ntchito, poti panalibe mlandu. Chaka chotsatira phunzirolo linangopatsidwa kwa mphunzitsi wachinyamata, wokhala ndi zitsanzo zokonzeratu za nyama zachilendo ndi mankhwala onyenga. Raili anapatsidwa phunziro la ntchito zamanja ndi kuyang'anira ana podyera.

"Upumeko, watopa," anatero Jarmo, maso ali pa zenera.

Nkhani ija inafufutidwa mwakachetechete pa tsambalo. Palibe amene anapepesa, ndipo palibenso amene anaitanitsa anthu ena kudzayeza madzi. Patapita milungu, ana anayambiranso kudya nsomba.

Amene analipira kwambiri anali Pentti. Kuntchito akati atenge kapu, anzake ankamuseka kuti, "Pentti, khofiyo wamufufuza? Wawiritsa ndani?" Poyamba ankaseka nawo. Kenako anayamba kudyera m'galimoto. Nyengo yosaka itafika, gulu la alenje lomwe anakhalamo kuyambira unyamata wake linanyamuka osamuuza, ndipo chaka chimenecho m'nyumba mwawo simunalowe nyama ya kutchire. Munthuyo anali wofatsa, sanamukalipire mkazi wake. Koma Loweruka lina ali awiri mu sauna, kachipinda kosambiramo nthunzi, anathira madzi pa miyala yotentha n'kunena kuti, "Ukanangotenga nkhani ya dziko lina, Raili."

"Sindinasankhe ine. Anabweretsa mwana."

"Ukanaimitsa."

Raili anaona mmene mapewa a mwamuna wake anagwera. Sanadzakambiranenso nkhaniyo. Pentti anamwalira ndi matenda a mtima atangopuma pantchito, ndipo pa maliro ake anzake a kumgodi anaima kumbuyo, n'kuchoka khofi asanathiridwe.

Mgodi unatsekedwa zaka zingapo pambuyo pake chifukwa mtengo wa miyala yake unagwa. Nyuzipepala zonse zinalemba choncho, ndipo zinali zoona. Komabe m'tauni munali anthu omwe ankati tsoka linayambira m'kalasi mwa mayi uja. Mabanja anasamukira kum'mwera, mawindo a nyumba zambiri anada, ndipo sukulu inatsala ndi ana ochepa.

Raili akukhalabe m'nyumba yomweyo, tsitsi lili mbuu. Tsiku lina m'sitolo anakumana ndi Tero, atakalamba, akusankha soseji wotchipa.

"Wasangalala tsopano?" Tero anamufunsa.

Raili anali ndi mayankho ambiri, onse olondola, koma anadziwa kuti palibe lomwe munthuyo angalimve. Anatenga mkaka wake, n'kukaima pamzere.