Ndodo ya a Mizere

Amuna anga anthu amawatcha a Mizere, moti dzina lawo lenileni ngakhale ine ndimachita kulifufuza m'mutu. Zaka makumi atatu akhala akupenta mizere yoyera ija ya powolokera msewu. Sukulu sanapite nayo patali, koma ukangowauza kuti mzere wawo wakhota, udziwe kuti sabata yathunthu simulankhulana. Tepi yoyezera sagwira. Ali ndi ndodo yawo, mpini wa tsache umene kapitawo wawo woyamba anawadulira n'kuwauza kuti ndi theka la mita. Mzere ndodo imodzi, mpata ndodo imodzi, basi. Ndodo yomweyo amatakasira penti, ndiye akaweruka amakhala pakhomo n'kumaipala kunsonga ndi mpeni mpaka iyere. Ine kungoti ndiibwereke ndichotsere kangaude kudenga, ha, mlandu!

Chaka chino kusukulu kwa mdzukulu wathu, kamtsikana kamene timakhala nako, kunabwera aphunzitsi ena achilendo. Amayi amenewa masamu saphunzitsira m'kalasi. Lachitatu lililonse amatulutsa ana m'misewu, choko uku, tepi uku. Sabata ino akuwerenga mawindo a nyumba zosanja, sabata inayo akuyeza mthunzi wa pholo la magetsi. Ine mutu unangoima. Masamu ake ati oyenda nawo padzuwa? Koma poti mwana ankabwera akusangalala, yunifolomu ili mbuu, ndinangozisiya.

Tsiku lina mwana anafika misozi ili mbwembwembwe. Anapita kukayeza mizere ya pamsewu watsopano wa kuseri kwa chipatala, imene agogo ake anapenta miyezi iwiri yapitayo. Iye sanayeze n'komwe. Anangolemba masentimita 50 m'kope, n'kuuza anzake kuti mizere ya agogo ake sachita kuyeza. Anzakewo poyeza anapeza 46. Aphunzitsi anayezanso, 46 yemweyo. Kalasi yonse inamuseka.

"Agogo, tepi yawo ndi yabodza, eti?" anafunsa akusisima.

"Yabodza imeneyo," anatero a Mizere osaphethira. "Matepi a masiku ano ndi zidole."

Mwana anakana kufufuta 50 wake. Aphunzitsi atamuuza kuti akonze, anawayankha kuti agogo ake sanama. Ine manyazi anandigwira, komanso mumtima ndinali mbali yake.

Lachitatu lotsatira anakayeza mizere yakale ya pafupi ndi positi ofesi, ya a Mizere omwewo, ndi tepi yomweyo. Inakwana 50 ndendende. Apa ndiye tonse tinabalalika. Munthu mmodzi, ndodo imodzi, tepi imodzi, mayankho awiri? Ine ndinati mwina phula latsopano limakhwinyata ndi dzuwa. Mwana anati mwina tepi imanama malo ena. Agogo ake analankhula chapansipansi kuti msewu wakale sayezanso, penti ikafwifwa amangotsata mizere yakale.

Mawa lake mwana anabwereka tepi kusukulu. Tinachotsa mbale patebulo n'kugonekapo ndodo ija. A Mizere anapanikiza nsonga ya tepi ndi chala.

"Werenga," anatero.

"46, agogo."

"Itembenuze ndodoyo, uyambire uku."

Abale, ngati kuti ndodo ukaitembenuza imakula! Ndinafuna kuseka, koma nditaona nkhope yawo ndinadziletsa. Mwana anatembenuza, anayeza, 46 yemweyo. Ankangoyang'ana agogo ake, kudikira kuti anenenso kuti tepi ndi yabodza. Ndikudziwa kuti akanatero, akanawakhulupirira.

Sananene. Lachitatu anavala ovolosi yawo yochapa, anapempha maola awiri kuntchito, n'kulondola ana aja pamphambano pamene ankajambula timabokosi ndi choko. Ine ndinawatsatira, kuopa kuti akakalipira aphunzitsi. M'malo mwake anapereka ndodo ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, mwanayu musamuimbe mlandu. Ndinamusokoneza ndine. Tepi yanu ilibe vuto."

Aphunzitsiwo anasangalala ngati atola chikwama. Nthawi yomweyo anafunsa ana kuti ngati ndodo yataya masentimita anayi m'zaka makumi atatu, pachaka imataya angati. Ana anagwada pansi kulemba ndi choko, mdzukulu wathu ali pakati pawo, 50 wa m'kope uja atamufufuta ndi chala chamalovu. A Mizere anaima pambali manja ali lende, osadziwa ngati akuwalemekeza kapena akuwanyoza. Nanenso sindinadziwe.

Pobwerera tinadzera pamsewu watsopano uja. Pamenepo anaima, kuyang'ana mizere yawo nthawi yaitali, magalimoto akuwaimbira hutala.

"Mayi," anandiitana, "inafupika liti ndodoyi, poti ine ndinali nayo m'manja tsiku lililonse?"

Ndinangowagwira dzanja n'kuwawolotsa.