Khomo limene ndinapeka pa kalavati wa Nasolo

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukangomva kuti ndinali womasulira mafilimu muyambiratu kuseka, muti wabodza uja wayambapo. Sindikutsutsani, bodza ndinadyera ndithu kwa zaka zingapo. Koma izi zokha sindikupeka, Mulungu ndi mboni yanga, ndipo mpaka lero mvula ikamagunda ku phiri la Ndirande ndimakumbukira tsiku limenelo. Maina sinditchula, chifukwa mwini nkhaniyi ali moyo, ndipo ena a inu mumagula tomato pa benchi lake.

Inali nthawi ija mafilimu omasuliridwa m'Chichewa atangotchuka, vidiyo sho iliyonse itamangirira sipika panja kuti wodutsa amve n'kukopeka. Ine ndinkagwirira ntchito m'kachipinda kuseri kwa babashopu ina pafupi ndi msika, ndi kompyuta yakale ndi maiki yokulunga sokosi. Ndiulule pano, sukulu ndinalekezera Folomu 3, ndipo Chingelezi cha m'mafilimu si chija cha aphunzitsi ayi, azungu aja amalankhulira m'mphuno komanso mothamanga. Ndiye theka ndinkamva, theka ndinkapeka. Chimene chinkandigulitsira madisiki kwenikweni ndi kuika malo akwathu m'kamwa mwa azungu. Mzungu akamathamanga ndinkati akuthamangira minibasi ya ku Bangwe, akalowa m'nyumba yosanja ndinkati wafika kwa apongozi ake ku Chilomoni, ndipo anthu ankaseka mpaka kugwa pa mabenchi. Ine kumeneko n'kumadzimva kuti ndine dolo.

Tsiku lina anandibweretsera filimu ya zasayansi, zija za maiko awiri. Nkhani yake inali yoti kuli dziko lina lofanana ndendende ndi lathuli, misewu yomweyi, anthu omwewa, aliyense ali ndi mnzake wofanana naye kumeneko, kungoti zimene zinalakwika kuno, uko sizinalakwike. Bambo wina mwana wake atamwalira anapeza njira yopitira kumeneko. Anadutsa mu mphanga yaitali yamdima kunja kukung'anima, ndipo atatulukira mbali inayo anapeza mwana wake uja akusewera pakhonde. Zasayansi zimene ankafotokoza madokotala a m'filimumo ine sindinatolepo kanthu, ndiye ndinangochita mwachizolowezi. Ndinati mphangayo ndi kalavati wamkulu uja wa pa mtsinje wa Nasolo, wodutsa pansi pa msewu, amene munthu amalowa chowerama pang'ono, ndipo khomo lake limatseguka mvula ikamagunda kuphiri. Ndinawonjezanso, ndi mawu anga a besi aja, kuti lowani musaope, aliyense amene munamulira kuno, uko ali moyo. Disiki imeneyo inayenda malonda kuposa zonse zimene ndinapangapo.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ndi achemwali anga, amene anakanditenga kumudzi ku Nsanje mayi athu atamwalira. Alamu ankagwira ntchito ku mafakitale a ku Makata, kuchoka m'mamawa, kubwera dzuwa litalowa, ngakhale Loweruka. Anali ndi ana awiri, mtsikana wa Sitandade 2 ndi khanda loyamwa. Filimuyo tinaonera limodzi panyumba tonse tikuseka, ndipo mtsikana uja anaikonda zedi. Tikamadutsa pa kalavati paja popita ku tchalitchi ankandikoka malaya, amvekere amalume, khomo lanu lija ili, tilowe tikaone ngati ine winayo amakhoza masamu.

Mu Disembala mtsikanayo anadwala malungo. Lachiwiri kutentha thupi, Lachinayi tinali tikulira. Nsapato zake zasukulu, zimene mayi ake anamugulira pa kaunjika kuti adzavale teremu yotsatira, anali asanaziponde n'komwe.

Achemwali analira pamaliro monga mayi aliyense, koma titabwerako anangoti zii. Kumsika, kumene ankagulitsa tomato, anasiya. Amayi a kumphakati wa tchalitchi chathu ankabwera kudzapemphera nawo, iwo n'kumangovomera Amen maso ali kwina. Chimene ankafuna ndi disiki ija basi. Magetsi akangoyaka aika, khanda lili kumsana, kuonera mpaka kumapeto, n'kubwezanso poyambira. Ine kupusa kwanga ndinkati zikuwatonthoza, nanga si mwana uja ankaikonda? Kenaka anayamba mafunso. Tsiku lina akutsuka mbale anandifunsa kuti kodi iwe, za pa Nasolo zija azungu anazidziwa bwanji. Ndinaseka, ndikuti asisi, zijatu ndinapeka ndine, mzunguyo Ndirande sakuidziwa n'komwe. Iwo amvekere nanga munthu angapeke bwanji chinthu chimene sanachimvepo? Apa mpamene ndikanathyola disikiyo, kapena kuwatsina khutu alamu. Sindinachite chilichonse, ndinangovala malaya n'kupita kuntchito.

Linali Loweruka lina mu Januwale, cha m'ma 2 koloko masana. Kwathu kunali kusanagwe ngakhale dontho, koma phiri lonse linali litaphimbidwa ndi mtambo wakuda bii, kukugunda. Nditafika panyumba kuchokera kuntchito ndinapeza khanda likulira m'manja mwa mayi wa nyumba yoyandikana nafe. Akuti achemwali anasamba, kuvala chitenje cha ku tchalitchi, n'kuwasiyira mwanayo kuti akukaona mkulu wake, abwera posachedwa. Mayiwo ankayesa akunena za kumanda, ndiye sanafune kufunsa zambiri. Ndinalowa m'nyumba, ndipo pa windo pamene pankakhala nsapato zija panalibe kanthu. Nthawi yomweyo kunagundanso kuphiri. Abale, apo ndinadziwa kumene apita.

Anthu a ku Ndirande mukulidziwa khalidwe la Nasolo. Mvula ikhoza kugwa kuphiri kokha, kumunsi kuno anthu akuyanika zovala, koma madzi ake amabwera kamodzin'kamodzi atanyamula miyala, zinyalala, nthawi zina ndi mbuzi zomwe. Ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, patapata mmodzi n'kutsala m'njira, osabwerera kukamutola.

Ndinawapeza. Anali m'kati mwenimweni mwa kalavati, pamene kuwala kwa mbali zonse ziwiri kumathera, atatsamira khoma, nsapato zija atazikumbatira pachifuwa pamodzi ndi kajumbo ka zitumbuwa. Madzi anali m'mapazi chabe. Ndinalowa chowerama, fungo la m'menemo musafunse, ndikuitana kuti asisi, asisi, tiyeni tituluke, madzi akubwera. Anandiyankha modekha ngati tili pakhonde, akuti usadandaule, sindikukakhalitsa, ndikungokamupatsa nsapatozi, sukulu atsegulira kale ndipo akuyenda chosavala. Ndinawagwira dzanja, anandikankha mpaka ndinagunda khoma. Achemwali anga ndi mayi wathupi, wozolowera kusenza madengu a tomato, pamene ine ndinali kamunthu kowonda kongodziwa kulankhula. Ndinalumbira, ndinalira, ndinati zonse zija ndinanama ine, kulibe khomo lililonse, muno muli simenti basi.

Mpamene ndinamva mawu anga. Ndikunena mawu anga enieni, a besi aja, akulowa m'kalavatimo momveka bwino, akuti lowani musaope, aliyense amene munamulira kuno, uko ali moyo. M'mutu ndinadziuza msanga kuti ndi sipika ya vidiyo sho ya pamwamba pa msewu, pajatu filimuyo ankaionetsa paliponse. Koma achemwali nkhope yawo inawala, amvekere wamva? Ameneyo ndi iwe wa uko, akundiitana, iwe wa kuno ndiwe wamantha kuyambira uli mwana. Kodi munayamba mwakanganapo ndi mawu anu omwe, inu n'kumagonja? Ine ndinkakuwa kuti tulukani, mawu anga ankati lowani, ndipo achemwali ankamvera iwowo osati ine.

Kenaka kunabwera kamphepo kozizira kuchokera kumtunda. Madzi anasanduka ofiira, majumbo ndi makoko a nzimbe zikudutsa mothamanga, ndipo posakhalitsa anafika m'mawondo. Chapatali kunkamveka mkokomo ngati lole ikukhuthula miyala. Ndinadziwa kuti tikangochedwa pang'ono alamu aika maliro awiri, ndipo khanda lija lidzakula osadziwa nkhope ya mayi ake. Kuthawa ndekha ndinakuganizira, ndisaname, miyendo inkafuna ndithu. Koma ndikanakauza chiyani anthu, poti amene anawalowetsa m'menemo ndi ine?

Sindidziwa kumene nzeru inachokera. Ndinasiya kutsutsa. Ndinatsitsa mawu n'kuyamba kulankhula ngati ndili pa maiki, mwa besi momwe muja, poti ndinaona kuti mawu okhawo ndi amene ankawalowa m'khutu. Ndinati inde mayi, khomo lilipo, mwana wanu ali moyo uko, koma kumbukirani kuti uko aliyense ali ndi mnzake. Inu muliko kale. Mwanayo ali ndi mayi ake, amusambitsa m'mawa uno, nsapato amugulira, ndipo mukatulukira inu aona amayi awiri, athawa ndi mantha. Koma kuno kuli khanda limene lili ndi mayi mmodzi yekha, ndipo panopa likulira njala m'manja mwa eni.

Madzi ankakwerabe. Kenaka anafunsa, m'Chisena cha kwathu chimene anali atasiya kalekale kulankhula, ngati mayi winayo amamusamala bwino mwanayo. Ndinati kwambiri, si ndi inu nomwe, mungamuzunze mwana wanu? Apo anadziyang'ana pachifuwa, mkaka unali utanyowetsa bulauzi. Anawerama n'kuika nsapato zija pamadzi bwinobwino, akuti basi zipite zokha, akazilandira, kenaka n'kundigwira dzanja. Tinatuluka madzi ali m'chiuno, tikukwawa ndi kugwira udzu ndi mizu ya m'mbali, ndipo tisanaime n'komwe bwino kumtunda chimadzi chija chinafika. Kalavati yense anadzaza mpaka kukamwa, madzi ena kudumphira pamwamba pa msewu. Ndinakhala pansi m'matope, achemwali ali chiimire kuyang'ana kumene nsapato zinalowera.

M'mawa mwake nditachoka ku Misa ndinapita kwa mwini vidiyo sho ija kukamupempha kuti filimuyo asiye kuonetsa. Anandiyang'ana modabwa, amvekere aise, dzulo ndaonetsa chiyani ine? Akuti magetsi anathima chakumasana kutangoyamba kugunda, anayaka madzulo, jenereta alibe, ndiye anatseka n'kupita kukasewera bawo. Ndinafunsa mayi wa pa okala yoyandikana nayo, nawo akuti kunali zii, ngakhale wailesi sinkalira. Mwina panali wina pafupi amene ankaonera pa laputopu, mwina mantha ndi amene ankandilankhula m'mutu, koma nanga achemwali anamva bwanji nawo, mawu omwewo, nthawi yomweyo? Funso limeneli ndimadzifunsabe mpaka lero.

Ntchito ya mafilimu ndinasiya mwezi womwewo, pano ndimakonza mafoni ku Limbe. Madisiki amene ndinawapeza ndinathyola, koma inu mukudziwa, disiki ikangotuluka aliyense amabena yake pa kompyuta, ndipo ndinamva kuti inafika ku Machinjiri, ku Zingwangwa mpaka kumidzi. Sindidziwa kuti ndi angati ena ofedwa amene anaionera, ndipo ndikaganiza zimenezo chakudya sichilowa.

Za dziko linalo ine sindikhulupirira, ndine Mkatolika, ndikudziwa kumene mwana uja ali. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti mawu ukangowatulutsa sakhalanso ako, amayenda okha, ndipo tsiku lina akhoza kukupeza pamalo oipa n'kuyamba kukutsutsa. Inu amene mumaseketsa anthu, kaya pa maiki kaya pa foni, dziwani kuti pa benchi pamene onse akuseka pakhoza kukhala mmodzi amene sakuseka, iye akuloweza njira. Ndipo mukakhala ndi wofedwa m'nyumba, akayamba kufunsa mafunso achilendo, musaseke n'kupita kuntchito ngati ine. Khalani naye pansi, ndipo uzani achibale tsiku lomwelo.

Achemwali anachira, anabwerera kumsika, ndipo khanda lija pano lili pasukulu. Za tsiku lija sitinakambiranepo, alamu anangomva theka. Koma bodza lachiwiri lija, limene ndinawatulutsira m'madzi, sindinalibwezepo ndipo sindidzalibweza. Chaka chilichonse sukulu zikamatsegulira amandiitanira kuseri kwa benchi lawo la tomato, n'kundinong'oneza kalasi imene mwana uja walowa uko. Ulendo wathawu anandiuza kuti walowa Folomu 1, n'kundifunsa ngati ndikuganiza kuti masamu akukhoza tsopano. Ndinati akukhoza, asisi, akukhoza kwambiri.